Mphatso Zopanga ndi Manja Athu

Mawu olankhulidwa kwa amayi ndi abambo ophunzira kuwerenga ndi kulemba, kumayambiriro kwa mwezi wa Okutobala

 Mwasiya makasu kumunda, mwasiya mitondo pakhomo, mwabwera kudzamva. Zikomo kwambiri.

Lero tikambirane za chikondwerero cha kumapeto kwa chaka. Kunja kuno dzuwa likuswa mtengo. Mvula sinagwe. Mwina wina akudabwa mumtima mwake: "Kodi za Disembala tiyambe kukamba lero?" Inde, tiyambe lero. Makolo anati m'mera mpoyamba. Kuchokera pa 1 Okutobala kufika pa 25 Disembala pali masabata 12 okha. Wogula mphatso m'sitolo amafuna tsiku limodzi ndi ndalama zambiri. Wopanga mphatso ndi manja ake amafuna ndalama zochepa ndi masiku ambiri. Ife masikuwo tili nawo, ngati tiyamba msanga.

Masiku awiri amene akubwera

Tsiku loyamba ndi la 25 Disembala. Akhristu amalitcha Khirisimasi, kapena Natal m'Chipwitikizi. Pa kalendala ya dziko lathu la Mozambique limatchedwa Dia da Família, ndiye kuti Tsiku la Banja. Ndi tsiku lopuma la anthu onse. Tsiku lachiwiri ndi la 1 Januwale, Chaka Chatsopano. Pa kalendala lalembedwa kuti Dia da Fraternidade Universal, tsiku la ubale wa anthu onse.

Masiku amenewa alendo amachuluka pamudzi. Ana athu ogwira ntchito ku Tete, ku migodi ya malasha ku Moatize, ku Beira, ku Nampula, ngakhale ku Joni, amabwera kudzaona makolo. Achibale a ku Dedza ndi ku Ntcheu amawoloka malire. Wochokera ku tauni amanyamula shuga, mpunga, sopo, mwina kapulana ya amayi. Nanga pobwerera, ife timupatsa chiyani? Apa ndi pamene manyazi amatigwira. Ndipo manyaziwo ndi amene amatsegula nkhokwe.

Tiwerenge za m'nkhokwe

Chikondwerero chathu chimafika nthawi yovuta. Disembala ndi mwezi wopalira. Chimanga chimene tinakolola mu Epulo ndi Meyi chatsika m'nkhokwe. Chatsopano chikali m'mawondo. Pambuyo pa chikondwerero pali Januwale ndi Febuluwale, miyezi imene ana amagona ndi njala m'midzi yambiri.

Tiyeni tiwerenge pamodzi. Kuchokera pa 25 Disembala kufika kumapeto kwa Malichi pali masiku 96. Amenewa ndi masabata pafupifupi 14. Tiyerekeze kuti banja lina limadya ndowa imodzi ya chimanga pa sabata, ndowa ija timati lata. Banja limenelo lifunika ndowa 14 kuti lifike kumapeto kwa Malichi, ndipo m'nkhokwe muli 14 zomwezo. Bambo wa banjalo atapa ndowa 4, napita nazo kumsika kuti agule mphatso ndi zakumwa. Zatsala zingati? Zatsala 10. Ndowa 4 zija zinali chakudya cha masabata 4. Masabata 4 ndi masiku 28. Bamboyo wagulitsa mwezi wonse wa Febuluwale.

Nkhani sithera pomwepo. Mtengo wa chimanga umakwera mu Januwale ndi Febuluwale. Ndowa imene munagulitsa mu Disembala mudzaigulanso pa mtengo wokwera. Ndalama zikasowa, munthu amapita kukagwira ganyu m'munda mwa mnzake, pamene kumunda kwake udzu ukukula. Udzu ukakula, zokolola zimachepa, ndipo chaka chamawa njala imabwereranso. Ena amagulitsa mbuzi imene inali pafupi kuswa. Ena amatenga katapila. Patangopita masabata ochepa sukulu imatsegulidwa, ana akufuna makope ndi mapensulo, m'thumba mulibe ngakhale metikali imodzi.

Tsono tileke kusangalala? Iyayi. Tileke kupatsana? Iyayi. Kupatsa n'kuika. Koma mphatso ichokere m'manja mwathu, nkhokwe ikhale yotseka. Amenewa ndiwo mawu anga a lero.

Zopangira zili pafupi

Yang'anani kudambo, kuli bango. M'mphepete mwa mtsinje muli nsungwi ndi dothi loumbira. Kumpanda kuli khonje. Ku chigwa chotentha cha Zambezi kuli mlaza ndi malambe. M'nyumba muli zigamba za makapulana akale. Zonsezi sizifuna ndalama. Chimene chikusowa kwanu, chili kwa mnzanu. Wa kumapiri a ku Angónia ndi ku Tsangano asinthane ndi wa kuchigwa.

Bwanji titenge tsopano? Zifukwa zilipo zitatu. Choyamba, mwezi uno moto wolusa umatentha tchire ndi madambo. Bango limene lilipo lero, mawa ndi phulusa. Chachiwiri, mvula ikayamba, maenje a dothi amadzaza madzi, nkhuni zimanyowa, mphika suuma. Chachitatu, mu Novembala ndi Disembala manja onse ali kumunda, kubzala ndi kupalira. Ntchito yolemera ya mphatso ithe mvula isanagwe. Yopepuka itsalire madzulo.

Mphasa ndi mkeka

Alendo akachuluka, funso loyamba ndi lakuti agona pati. Choncho mphasa yatsopano ndi mphatso yaikulu. Dulani bango lokhwima, lachikasu. Lanthete limakwinyika likauma, ndipo mphasa imatsala ndi mipata. Ling'ambeni, muliphwathalalitse, muliyanike padzuwa. Palani khonje, mupote chingwe cholimba. Utali wa mphasa ukwane munthu wamkulu atagona, mamita pafupifupi 2. Posoka, mizere ya chingwe isatalikirane. Mphasa ya mizere yotalikirana imamasuka msanga.

Amene muli ndi mlaza, lukani mkeka. Dulani masamba anthete, koma musamalize onse pa tsinde limodzi, kuopa kupha mtengo. Yanikani, mung'ambe timizere tofanana. Poluka, wazani madzi pang'ono kuti mlaza usathyoke. Lukani lamba wautali, kenaka musoke malambawo pamodzi. Mlaza womwewo umatipatsa chipewa cha abambo popalira, ndi chikwama cha amayi popita kumsika.

Lichero ndi dengu

Palibe khomo losafuna lichero. Ngakhale mwana wanu wa ku Beira amapeta mpunga ndi nyemba. M'tauni lichero amagula ndi ndalama. Mukamupatsa lanu, mwamupatsa chinthu chimene adzagwira tsiku ndi tsiku.

Sankhani nsungwi yokhwima, ya zaka 3 kapena kuposa. Yanthete imafumbwa msanga. Mukadula, ivikeni m'madzi masiku angapo. Madzi amachotsa chakudya chimene tizilombo timatsata m'kati mwa nsungwi. Kenaka ng'ambani, mupale ndi mpeni mpaka timizere tisalale, kuti tisabaye zala za wopeta. Mukamaliza kuluka ndi kumanga mkombero, pachikani lichero pamwamba pa moto wa m'khitchini. Utsi umaliumitsa bwino ndi kuingitsa tizilombo. Chimodzimodzi dengu ndi nsengwa.

Wosadziwa kuluka asachite manyazi. Pamudzi uliwonse alipo madala odziwa. Pitani mukakhale nawo pansi pa mtengo, muwathandize kupala nsungwi, muphunzire. Ife tonse pano taphunzira zilembo tili ndi imvi. Kodi lichero lingatikanike?

Mphika ndi mtsuko

Amayi oumba, ntchito yanu ndiyo ifunika kuyamba sabata ino. Kumbani dothi kumtapo. Linyowetseni, mulisinje, muchotse timiyala ndi timizu tonse. Kamwala kamodzi kotsalira kamaswa mphika pamoto. Dothi likakhala lomata kwambiri, sakanizani ndi mchenga wosefa kapena mapale akale osinjasinja. Umbani, musalaze ndi chitsononkho, mukulungize ndi mwala wosalala.

Yanikani pamthunzi, m'nyumba, kopanda mphepo. Dzuwa la Okutobala limang'amba mphika wauwisi. Dikirani sabata imodzi kapena awiri, mpaka uume ndithu. Mukawotcha mphika wosauma, madzi a m'kati mwa dothi amasanduka nthunzi, mphika n'kuphulika. Wotchani ndi makungwa ndi nkhuni zouma, tsiku lopanda mitambo, pamalo olambula bwino kuti moto usathawire kutchire. Ukazizira, ugogodeni ndi chala. Wabwino umalira momveka. Wosweka umalira mogonthera. Musanaupereke, phikanimo phala la gaga kuti ulimbe ndi kuleka kudontha.

Mtsuko uli ndi ubwino umene chigubu cha pulasitiki chilibe. Dothi lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Madzi pang'ono amatulukira kunja, nauma ndi mphepo, ndipo otsala m'kati amazizira. Umbaninso chivundikiro chake, muikepo chikho cha chigwiriro chachitali. Nthawi ya mvula ndi nthawi ya kolera ndi matenda otsegula m'mimba. Mtsuko wovundikira, wotungamo ndi chikho chimodzi chokha, umateteza banja.

Ntchito ya nkhwangwa ndi kasemasema

Abambo, ndafika kwa inu. Mthiko wa amayi a kunyumba watha kumutu. Chipande chang'ambika. Mpini wa khasu la apongozi ukugwedera, ndipo kupalira kuli pafupi. Agogo akukhala pa njerwa chifukwa mpando unathyoka. Zonsezi ndi mphatso zimene zikudikira kasemasema wanu.

Tengani nthambi zouma ndi mitengo yogwa kale. Musagwetse mlombwa kapena m'bawa chifukwa cha chipande chimodzi. Mitengo imeneyi imatenga zaka zambiri kuti ikule. Pa ziwiya zophikira musagwiritse mtengo wa utomoni woyera ngati nkhadze. Utomoni wake ndi woopsa m'kamwa ndi m'maso. Mukasema, salazani bwino, mupake mafuta a mtedza kuti mtengo usang'ambike.

Amene muli ndi thabwa lochindikala, semani bawo. Nali funso la masamu. Bawo lili ndi mizere 4, mzere uliwonse maenje 8. Maenje onse ndi angati? Ndi 32. Nkhomo zake ndi 64. Bawo limodzi limasonkhanitsa amalume, alamu ndi achimwene pakhonde tsiku lonse, popanda wina kutulutsa ndalama.

Singano ndi zigamba

Kapulana yakale isatayidwe. Pakati ikhoza kutha, koma m'mphepete ikali yolimba. Dulani malo olimbawo, muwachape, muwalumikize. Sokani thumba la makope la mwana wa sukulu, lokhala ndi lamba wopachika paphewa. Mwana adzasangalala pa Tsiku la Banja, ndipo sukulu ikatsegulidwa thumba lilipo kale. Mphatso imodzi yagwira ntchito ziwiri. Sokani duku la azakhali. Sokani mtsamiro wa agogo, muikemo thonje kapena makoko a chimanga ouma ong'amba bwino. Singano silemera. Ntchito imeneyi mukhoza kuigwira madzulo mutaweruka kumunda, kusanade.

Za ana

Mwana safunsa mtengo wa chinthu. Amafuna choseweretsa chimene chili chakechake. Mupangireni galimoto ya waya, ya mateyala a zitsekero za mabotolo. Pindani nsonga zonse za waya kuti zisamubaye. Msemereni nguli. Kulungani mpira ndi mapepala a pulasitiki, mumange ndi chingwe mwamphamvu. Mtsikana mumpangire chidole cha chitsononkho, muchiveke kachigamba, ndi kansalu koberekera. Poumba miphika, umbaninso ting'ombe ndi timiphika ta masanje, muwotchere limodzi. Kwa khanda lokwawa musapereke chinthu cha mikanda, mabatani kapena njere zazing'ono. Khanda limaika chilichonse m'kamwa, ndipo likhoza kutsamwa.

Ana aakulu musawabisire ntchito. Akhale pambali panu, akupatsireni chingwe, asalaze chipande. Mwana wopenyerera chaka chino, chaka chamawa adzaluka yekha.

Za m'kamwa

Mphatso ya chakudya ndi yabwino, koma isatuluke m'nkhokwe ya chimanga. Tipereke zinthu zimene pang'ono pokha zimakwanira. Kambale ka chiponde. Kathumba ka nsinjiro. Botolo la uchi. Masau ouma ndi malambe kwa amene muli kuchigwa. Usipa wouma kwa amene muli kunyanja, cha ku Metangula. Nsomba zouma za ku Cahora Bassa, zija timati chicoa. Wa ku tauni zinthu zimenezi amazilakalaka.

Pokonza chiponde, sankhani mtedza umodziumodzi. Wofota, wakuda, wobowoka ndi wachuku tayani. Chuku cha mtedza chili ndi poizoni wowononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuchotsa. Mtedza woipawo musaupatse ana, musaupatsenso nkhuku.

Amene muli ndi dimba, futsani ndiwo tsopano dzuwa likalipo. Tsukani nkhwani kapena khwanya, muviike m'madzi owira kanthawi kochepa, muyanike pa thandala, osati pansi. Mfutso wouma bwino umaphwanyika m'manja. Usungeni mu mphika wouma, wovundikira.

Thobwa ndi chikondamoyo ndi za sabata yomaliza. Chimera chikonzedwe msanga. Thobwa likapsa, musathiremo madzi osawiritsa. Zikho zitsukidwe ndi madzi oyera. Pasapezeke mlendo wobwerera kwawo akudwala m'mimba.

Mphatso yomera

Disembala ndi mwezi wabwino wobzala mitengo, chifukwa nthaka yanyowa. Fesani njere za papaya mwezi uno m'zitini zakale kapena m'timatumba, muzithirira ndi madzi otsukira mpunga kapena ndiwo, opanda sopo. Pofika Tsiku la Banja mbande zakula, zoyenera kuwokera. Papaya amabereka patapita pafupifupi chaka chimodzi. Mango amachedwa zaka zingapo, koma adzadyetsa ndi zidzukulu zomwe. Banja latsopano, limene langomanga nyumba, lipatseni mbande ziwiri kapena zitatu. Mnzanu amene mbewu yake inafumbwa, mupatseni kambale ka mbewu ya nyemba, khobwe kapena nandolo. Imeneyi musadikire pa 25. Perekani mvula ikangoyamba, kuti abzale pa nthawi yake.

Mphatso imene chaka chatha tinalibe

Pali mphatso ina imene ambiri pano chaka chatha sakanatha kupereka. Ndi dzina lolembedwa ndi dzanja lanu. Poumba mtsuko, dothi likali lofewa, lembani ndi kamtengo dzina la amene mudzamupatsa, ndi chaka. Pa chipande ndi pa mpando, lembani ndi msomali wotenthetsa pamoto. Pa thumba la makope, sokani zilembo za dzina la mwana ndi ulusi wa mtundu wina. Yambani mwalemba pamchenga kawiri katatu, kuti chilembo chisatsalire.

Kwa amene sabwera chaka chino, lembani kalata, mupatsire amene akubwerera. Kalata isakhale yaitali. Mizere inayi ikwana:

Okondedwa achemwali,
Landirani lichero ili. Ndaluka ndine.
Kalatayi ndalembanso ndine.
Kuno tonse tili bwino, tikupalira.

Pansi pake lembani dzina lanu. Wolandira kalata yotere sadzaitaya. Lichero lidzatha, koma kalatayo idzakhalabe m'sutikesi.

Tigawe masabata 12

Tsegulani makope anu. Jambulani mizere itatu yotsika. Mzere woyamba lembani dzina la munthu. Wachiwiri, mphatso yake. Wachitatu, tsiku lomaliza kupanga. Musaiwale nkhalamba yokhala yokha, mayi wamasiye, ndi mwana wopanda makolo wa pamudzi panu. Amenewa alibe wobwera kuchokera ku tauni. Mayina akachuluka, musaope. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Masabata 4 oyamba, mu Okutobala: kudula bango, nsungwi ndi mlaza, kupala khonje, kukumba dothi, kuumba, kufesa mbande, kufutsa ndiwo. Miphika yonse iwotchedwe mwezi uno usanathe, kapena kumayambiriro kwenikweni kwa Novembala.

Masabata 4 achiwiri, mu Novembala: munda uyambe. Mvula yobzalira ikagwa, siyani zonse, mukabzale. Madzulo ndi masiku opuma, sokani mphasa, lukani malichero, semani.

Masabata 4 omaliza, mu Disembala: m'mawa kupalira, madzulo kusoka zigamba, kupanga zoseweretsa ana ndi kulemba makalata. Sabata yomaliza, kuzira nyumba, kusesa pabwalo, kukonza thobwa.

Mutu umodzi susenza denga. Gwirani ntchito m'magulu. Amayi asanu akawotchera miphika pamodzi, nkhuni zimachepa. Woumba asinthane ndi wosema: mtsuko umodzi, zipande ndi mithiko. Abambo akatunge madzi ndi kutema nkhuni zowotchera miphika, kuti amayi apeze nthawi youmba. Zikatsala zina, pitani nazo kumsika, ku Ulónguè, ku Furancungo kapena umene uli pafupi ndi kwanu. Ndalama yake igule mchere, sopo ndi shuga wa chikondwerero. Potero ndalama yachokera ku bango ndi dothi, chimanga chili phee m'nkhokwe.

Popereka

Mphatso yabwino iperekedwe bwino. Ipukuteni, muikulunge m'tsamba la nthochi kapena m'kansalu koyera. Perekani ndi manja awiri. Kwa akuluakulu, gwadani kapena njutani monga mwa mwambo wa kwanu. Kumene mkamwini sayandikira apongozi ake, mphatso idzere mwa mkazi wake kapena mwa mlamu. Popereka musanyoze ntchito yanu. Musanene kuti, "Pepani, tinalibe ndalama." Nenani kuti, "Amayi, landirani. Ndapangira inu."

Inunso wolandira, ombani m'manja, muthokoze. Musayerekeze mphasa ya mwana wa pamudzi ndi kapulana ya mwana wa ku tauni. Wa ku tauni anapereka thukuta lake kwa bwana, nalandira ndalama, nagula kapulana. Wa pamudzi anapereka thukuta lake ku bango, natulutsa mphasa. Onse awiri atuluka thukuta chifukwa cha inu.

Amayi ndi abambo, ndamaliza. Pa 25 Disembala tivale bwino, tidye bwino, tivine, tipatsane mphatso. Pa 2 Januwale tibwerere kumunda wathu, osati kuganyu. Mu Febuluwale ana athu adye nsima. Ntchito yake iyambe mawa m'mawa: wa chikwakwa apite kudambo, wa khasu apite kumtapo. Sabata yamawa aliyense abwere ndi kope lake, mayina atalemba.

Mafunso okambirana

1. Kodi banja lanu limadya ndowa zingati za chimanga pa sabata? Mufunika ndowa zingati pa masabata 14?
2. N'chifukwa chiyani miphika iyenera kuumbidwa mvula isanayambe?
3. Tchulani zopangira zitatu zimene zimapezeka pafupi ndi mudzi wanu.
4. Ndani pamudzi panu amene amadziwa kuluka, kuumba kapena kusema? Angaphunzitse gulu tsiku liti?
5. Ndani pamudzi panu amene alibe womupatsa mphatso? Gulu lathu limupangira chiyani?

Mawu oti tilembe

mphatso, mphasa, mphika, mtsuko, lichero, nkhokwe, banja, kalata